Mipata ya m'Nyimbo Yomaliza ya Baldomero

Mayi uja analowa osagogoda, Salud ali pakati pokolopa pabalaza. Anaponda ponyowa pomwepo ndi nsapato zake zafumbi, nalowetsa kachikwama kunsi kwa tebulo ngati munthu wobwerera kwawo, kenako anayang'ana mipando umodziumodzi. Mwa mipando yonse ya m'nyumbamo anasankha waufupi uja wapakona, womwe malemu Baldomero Bermudez ankakhalapo poyeserera gitala.

"Pepani mayi, pamenepo sipakhala munthu," anatero Salud, mwana wamkazi wa malemuyo, atagwira chokolopera ngati mkondo.

"Pakhala munthu tsopano," mlendoyo anayankha uku akumasula mpango m'khosi. "Khofi alipo?"

Anali mayi wachikulire, wochepa thupi, wa imvi zomangira kumbuyo ndi maso osaphethiraphethira. Salud sanamuone kumanda, chonsecho kumandako kunasonkhana dera lonse la Santiago ndi ena ochokera mbali zonse za mzinda wa Jerez, ku Spain. Koma chitseko cha nyumba ya maliro sichitsekedwa, ndipo wobwera kudzapepesa safunsidwa kuti ndi wa kwa yani. Salud anapita kukatereka madzi.

Kukhitchini anapeza mayi ake, a Encarna, akusuzumira kuseri kwa katani.

"Ndani ameneyo?" ananong'ona a Encarna.

"Ine ndimati mukumudziwa ndinu."

"Ine?" A Encarna anapukuta kapu yomwe inali youma kale. "Bambo ako anayenda kwambiri, mwana wanga. Gitala ili ndi abwenzi ambiri."

Salud atapereka khofi uja, mlendoyo anapsontha kamodzi, nakwinya nkhope. "Mumamuphika ngati mankhwala a chifuwa."

"Tikuitaneni kuti ndani, mayi?"

"Kumene ndimakhala amanditcha Mayi a ku Andaluziya, chigawo chathu chino. Kuno mutha kunditcha Mayi a ku Barcelona. Ndinazolowera kukhala wakwina."

Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sanaume. Dzuwa likamalowa ankapita kukagona ku nyumba ya alendo pafupi ndi siteshoni, m'mawa uliwonse n'kubwerera pampando womwewo. Anavundukula mphika wa tchana n'kuwonjezamo mchere osapempha. Anapindanso zovala zomwe Salud anali atapinda kale. Nthawi zina ankaima kutsogolo kwa chithunzi cha Baldomero ali mnyamata, n'kuchiyang'ana mpaka khofi kuzizira. Salud ankamuba ndi diso, ndipo mutu wake unkapeka wokha nkhani: mtsikana wovina wa ku Barcelona, siteshoni ya sitima, mvula, bambo ake akukwera osacheuka. Chomupsetsa mtima kwambiri chinali chakuti nkhaniyo inkamukomera.

Nyumbayo inali pa luto, kusala kwa maliro komwe Agitano, mtundu wa banjali, sachita nako chibwana. Wailesi yakanema anaifunditsa nsalu. Vinyo sanaonekenso patebulo. Gaspar, mlongo wake wamkulu wa Salud, analeka kumeta ndevu ndipo ankangokhalira kudzikanda kuchibwano ngati galu wa utitiri. Koposa zonse, wachibale aliyense anatseka makutu: osaimba, osaomba m'manja, osamvera nyimbo ya mtundu uliwonse mpaka chaka chitazungulira. Salud ankachipeza chala chake chikufuna kugogoda pamphepete pa tebulo, n'kuchibisa msanga m'thumba ngati chakuba.

Nyimbo zinaletsedwa, koma m'nyumbamo munalibe poponda chifukwa cha nyimbo. Makatoni a zimbale anadzadza mkonde wam'kati, moti popita kuchimbudzi munthu ankayenda cham'mbali ngati nkhanu. Moyo wake wonse Baldomero sanasainepo ndi kampani. Ankajambulitsa nyimbo zake m'garaji ya mnzake, n'kumagulitsa yekha kumbuyo kwa galimoto yake yakale akamaliza kuimba m'makalabu a flamenko. Ankati chimbale munthu amagula kwa dzanja lomwe wagwirana nalo chanza. Koma manjawo anayamba kuchepa, anthu anasamukira pa mafoni, ndipo makatoni anabereka makatoni anzawo.

Zikanatheka kukhala bwinoko. Woimba gitala wa flamenko amadya bwino akamaperekeza mawu a oimba pakamwa, kuwatsata, kuwadikira, kuwanyamula akamagwa. Baldomero anakana ntchito imeneyo kwamtuwagalu. Anakanira akatswiri omwe anamutumizira galimoto pakhomo. Anakaniranso mwana wake yemwe. Paukwati wa Gaspar, Salud ataimirira kuti aimbe, bambo akewo anavundikira gitala pamaondo n'kunena kuti zala zatopa. Anaimba ndi kuomba m'manja kwa azimayi kokha, ndipo mpaka lero akakumbukira nkhope imamutentha.

Chimbale chomaliza Baldomero anachijambulitsa asanagwe pamphasa. Palibe wa m'banjamo anachimva, poti ankati sichinapse. Tsopano chinali m'foni ya Gaspar, chotsekeredwa ngati mbalame m'khola, ndipo Gaspar, osauza munthu, anachitumiza kwa mkulu wina wa kampani yogulitsa nyimbo ku Madrid.

Mkuluyo anafika tsiku lina masana. Dzina lake anali Borja, mnyamata wa jekete yabwino ndi nsapato zopanda masokosi. Anagunda katoni ndi bondo polowa, napepesa katoniyo.

"Choyamba, pepani kwambiri. Bambo anu anali katakwe," anayamba motero atakhala pansi. "Chachiwiri, ndisakubisireni. Anthu masiku ano samvera nyimbo atakhala chete ngati ali m'tchalitchi. Amamvera akudya, akuyendetsa galimoto, akusamba. Ukapanda kuwagwira poyambirira penipeni, chala chawo chadumphira kale kwa wina."

"Bambo anga sankaimbira anthu osamba," anatero Salud.

"Ayi, ankaimbira makatoni," Gaspar anamudula. "Iwe khala chete kaye umve."

Borja anamwetulira kwa onse awiri. Anati mahotela ndi malesitilanti a kunja amafuna gitala ya ku Spain usana ndi usiku, koma yofewa, yosasokoneza macheza. Kampaniyo idzathiramo ting'oma pang'ono ndi kachitoliro. Pachikuto padzakhala dzuwa likulowa, mkazi wa diresi yofiira, ndi ng'ombe yamphongo chapatali.

"Ng'ombe?" A Encarna anakweza nsidze. "Mwamuna wanga ankaopa ndi mbuzi yomwe."

"Alendo amakonda ng'ombe, mayi."

"Ndiye ajambule ng'ombeyo ikuimba," anatero Salud.

Pakona paja Mayi a ku Barcelona ankasenda adyo yemwe palibe anawatuma, osakweza mutu.

"Vuto lili pa nyimbo yomaliza," Borja anapitiriza. "Ndi sigiriya, nyimbo ya chisoni, yolemera, yaitali kuposa zonse. Kunena zoona ndi imene ili ndi zala zokongola kwambiri. Koma ili ndi mabowo. Amaimba pang'ono, kenako zii. Amadikira. Amakhwatcha kamodzi, n'kudikiranso. Ine ndikuona ngati mutu unali utayamba kutopa, mukudziwa ukalamba. Tikadula mipata imeneyo n'kulumikiza, itsala kanyimbo kokoma kothera limodzi ndi kapu ya khofi. Tiika kameneko patsogolo pa chimbale. Imamveka chonchi, tiri-ri-riii…"

A Encarna anamenya tebulo ndi chikhatho, masupuni n'kudumpha. "M'nyumba muno ayi!"

Borja anatseka pakamwa ngati wameza ntchentche.

"Sindingavomere kuti mudule chinthu chomwe sindinachimve," anatero Salud.

"Ndiye chimvereni."

"Sindingachimvere."

"Ndiye…" Borja anayang'ana Gaspar ngati munthu wofunsa njira m'mudzi wachilendo.

"Dikirani luto lithe," Salud anatero.

"Chaka? Mlongo wanga, ndikhululukireni, koma dzina la malemu limagulitsa likadali lofunda. Chaka chamawa manyuzipepala adzakhala akulira wina. Ine ndiyenera kukwera sitima ya madzulo ano ndi yankho m'thumba."

Gaspar anadzikanda ndevu ndi manja onse awiri. "Salud, amayi adya chiyani? Makatoni aja saphikika. Bambo anali bambo, ndimawakonda ngati mmene umawakondera iwe, koma anatisiyira mkonde wodzadza ndi ulemu. Mipata ndi mipata. Mpata uli ndi chiyani? Mulibe kanthu, n'chifukwa chake umatchedwa mpata."

"Achimwene, mukanakhala ndi mipata pakamwa bwenzi tonse tikupuma."

Borja anatulutsa mahedifoni m'chikwama, nawaika patebulo pafupi ndi dzanja la Salud. "Awa satulutsa phokoso kunja. Palibe angadziwe."

Salud anawayang'ana. M'tizingwe timeneto munali bambo ake, amoyo, akupuma cham'mphuno monga ankachitira akafika povuta. Kungotambasula dzanja basi. Anamva maso a mayi ake pakhosi pake, ndipo anadziwa kuti sangamuletse, adzangomuona. Anabweza dzanja, nalikhalira.

Apa m'pamene Gaspar anaomba pamphumi pake. "Ndife opusa! Mayi a ku Barcelona! Inu si achibale. Tibwerekeni makutu anu. Mumvere nyimboyi mutiuze ngati m'mipatamo muli kanthu kapena ndi ukalamba chabe. Mukanena kuti mulibe, Salud avomere. Mukanena kuti muli, ine nditseke pakamwa. Eti Salud?"

Salud sanaikonde nzeruyo, makamaka poti inali yabwino. Anagwedeza mutu movomera.

Mlendoyo anapukuta manja pa epuloni ya a Encarna yomwe anavala osabwereka. Anatenga mahedifoni aja, nawatembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsomba pamsika. Kenako anawabwezera patebulo, nawakankhira kutali ndi chala chimodzi.

"Sindingathe."

"Simumva bwino?" anafunsa Gaspar.

"Ndimamva ndi mapazi a nyerere omwe."

Mtima wa Salud unaphulika ngati mphika wovundikira. "Ndiye n'chiyani? Mwatilowera m'nyumba osagogoda. Mwakhalira mpando wa bambo anga. Mwanyoza khofi wathu, mwaononga tchana ndi mchere, mwapinda zopindapinda, dzina lanu mukulisunga ngati golide. Lero tikupemphani chinthu chimodzi, chimodzi chokha, chomwe ngakhale wapanjira angatichitire, mukuti simungathe? Munabwerera chiyani kuno? Adyo?"

"Salud," anatero a Encarna motsitsa. "Khala chete."

Anali ataimirira. Nkhope yawo inali itayera ngati khoma, ndipo sankayang'ana mwana wawo koma mlendoyo.

"Munthu akamwalira, otseka makutu ndi achibale okha," anatero pang'onopang'ono. "Woyandikana naye nyumba satseka. Bwenzi satseka. Inu mukusalira mwamuna wanga ngati ndani?"

Salud anaona nkhani yake ija ya siteshoni ndi mvula ikusanduka chinthu choopsa: mkazi wina, ukwati wina, mwina ndi ana.

Mlendoyo anatembenukira kwa Borja. "Iwe wopanda masokosi. Usaimbe, ungondiuza ndi pakamwa. Akaima n'kudikira, amayambiranso bwanji? Mwamphamvu?"

"Ayi. Pang'onopang'ono," anatero Borja. "Ngati akuopa kuponda munthu."

"Nanga mipatayo ndi yofanana kutalika?"

"Ayi, n'chifukwa chake ndikuti anasokonezeka. Ina yaifupi, ina yaitali kwambiri. Pali umodzi chakumapeto womwe ungaganize kuti foni yazima. Kenako amangoti kamodzi, pansipansi, ngati akuvomera."

Salud anazindikira nthawi yomweyo. Anakulira m'makalabu, atagona pamipando iwiri yolumikiza, ndipo kadikiridwe kameneko ankakadziwa ngati njira ya kwawo. Umu si mmene munthu amaiwalira nyimbo. Umu ndi mmene woimba gitala amadikirira mpweya wa mnzake, kuti akoke mawu mpaka pomwe chifuwa chingathere.

"Akuperekeza munthu," anatero Salud. "Koma bambo sankaperekeza munthu."

"Bweretsani gitala," anatero mlendoyo. "Sindikhudza nsambo. Ndikufuna kuona basi."

Gaspar anayang'ana mayi ake. A Encarna anagwedeza mutu movomera. Gaspar anakaitsitsa pamwamba pa kabati pomwe bambo ake anaiika okha atabwera kojambulitsa, naigoneka patebulo, natsegula bokosi mosamala kuti pasalire kanthu. Fungo la mtengo ndi fodya wakale linadzadza pabalaza.

Onse anaona chinthu chimodzi. Pakhosi pa gitala pamakhala sehiya, kamtengo kopanira nsambo komwe amakakweza kapena kukatsitsa potsata mawu a woimba. Baldomero, poti ankaimba yekha, ankakasiya pansi, pafupi ndi mutu wa gitala. Tsopano kanali pamwamba kwambiri, pa mzere wachisanu ndi chiwiri.

"Pamenepo m'pa mawu a kamtsikana," anatero a Encarna.

"Ndinali kamtsikana," anayankha mlendoyo.

Anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka wokalamba.

"Kwathu ku Utrera, iye asanabwere kuno, asanakudziweni inu, tinali awiri. Iye gitala, ine mawu. Pa ubatizo, pa ukwati, pa chilichonse, anthu ankati itanani ana a Bermudez. Kenako ine ndinakonda mnyamata wogwira ntchito panjanji, amene sanali Mgitano, ndipo ndinakwera naye sitima. Bambo athu analengeza kuti mwana wawo wamkazi wamwalira. Dzina langa analiletsa m'nyumba. Achimwene angawa, a Baldomero, bambowo anawalumbiritsa pamaso pa amalume onse kuti sadzandilankhulanso mpaka kumanda. Analumbira, ndipo mukuwadziwa mmene analili ndi mawu awo." Anayang'ana kamtengo kaja. "Koma ndinamva kuti anawonjezapo lumbiro lawolawo, lomwe palibe anawapempha."

Salud anakumbukira gitala yovundikira pamaondo, ndipo sanadziwe ngati akufuna kulira kapena kuswa mbale.

"Simunaonanenso?" anafunsa Gaspar.

"Tinkaonana. Akabwera kudzaimba ku kalabu ya kwathu ku Barcelona, ndinkakhala kumbuyo kwenikweni. Akamaliza ndinkaima pamzere kuseri kwa galimoto ngati wina aliyense. Ankandipatsa chimbale, n'kundigwira chanza nthawi yaitali kuposa mmene malonda amafunira. Osanena kanthu. Ndili nazo zonse. Zina ziwiriziwiri."

A Encarna anakhala pansi mwadzidzidzi, nagwira pamtima. "Mulungu wanga. Alamu! Ndiye ine masiku onsewa ndakhala ndikukupatsani dala kapu yong'aluka ija!"

"Ndinaona, alamu. Inenso mchere uja ndinathira dala."

Borja anali atadzuka, maso akuwala. "Koma iyi ndiye nkhani! Anthu amagula nkhani kuposa nyimbo, ndikukuuzani. Mlongo wotayika, lumbiro, nyimbo yodikira. Ng'ombe ija tiisiye. Mayi, luto likatha mubwere ku Madrid mudzaimbe m'mipatamo. Zimenezo ndikhoza kudikira chaka!"

Mlendoyo anaseka kaphwete kouma. "Mwana wanga, mawu anga anatsika kalekale. Fodya, ana, chisanu cha kufakitale. Pomwe aika iwo apo sindingafikepo ngakhale utandibwereka makwerero. Iwo ankaperekeza mtsikana amene anamusiya ku Utrera. Ameneyo kulibenso."

"Tikhoza kuitsitsa ndi makina."

"Utsitse zala za munthu wakufa kuti zikwanire pakhosi panga? Tsitsa buluku lakolo lifike kumapazi kaye."

"Ndiye tabwerera pomwe tinali," anatero Borja atatambasula manja. "Mipata yokhayokha. Palibe angagule chete."

Onse anayang'ana Gaspar. Anadzikanda ndevu nthawi yaitali. Anayang'ana kumkonde komwe makatoni anaunjikana mpaka kudenga, nayang'ana mayi ake, kenako gitala ija.

"Tengani marumba akale aja," anatero pomaliza. "Thiranimo zitoliro zanu, ikanipo ndi ng'ombe yanu, anthu asambe bwino. Amayi adye. Koma iyi musaikhudze. Idzatuluka mmene ilili, luto likatha, ndipo ndidzaigulitsa ndekha kumbuyo kwa galimoto." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Usandiyang'ane choncho iwe. Ndinati nditseka pakamwa, ndatseka."

"Simunatseke, mukulankhulabe," anatero Salud, koma anamugwira mkono.

Borja anayang'ana wotchi, nasonkhanitsa zake, nanena kuti adzaimba foni. Potuluka anagundanso katoni yomwe ija.

A Encarna anapita kukhitchini n'kubwera ndi kapu yabwino, ya maluwa abuluu, yomwe inkatuluka pa Khirisimasi pokha. Salud anaweramira bokosi la gitala kuti alitseke. Mwachizolowezi dzanja lake linapita pa kamtengo kaja kuti akamasule, poti nsambo siziyenera kugona zopanidwa. Linaima m'malere. Anakasiya pomwe bambo ake anakasiya, natsitsa chivundikiro pang'onopang'ono.

Ukali unali usanamuthere wonse. Anaima kutsogolo kwa mpando waufupi uja, manja m'chiuno.

"Chabwino, azakhali. Mpandowo khalanipo. Koma mundiuze dzina lanu, poti sindingamakuitaneni Barcelona ngati basi."

Mayiyo analandira kapu kwa mlamu wake, naigwira ndi manja awiri. Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo maso aja osaphethira anaphethira.

"Agogo ako analiletsa," anatero. "Koma achimwene anga anali ochenjera. Anapeza njira yolitchulira tsiku ndi tsiku, mokweza, m'nyumba mwawo momwe, osathyola lumbiro."

A Encarna anagwira pakamwa, nayang'ana mwana wawo.

"Ndine Salud," anatero mayiyo. "Salud Bermudez."